Kompyuta za kaunjika zinathandiza ku Central, nanga pa boda zingakanike bwanji?

 Sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikambirane za chinthu chimene chimakuchedwetsani pa ulendo koma simunachigwirepo ndi manja.

Mawu akuti "sisitimu yagwa" nonse mumawadziwa. Mukawamva ku banki mumabwerako chimanjamanja. Mukawamva kwa ejenti wa ndalama za pafoni, kasitomala amabweza katundu pa benchi n'kumapita. Mukawamva pa boda ndiye basi, yambani kufunsa mtengo wa chipinda ku resitihausi. Tsono sisitimu imene imagwaigwayi ndi chiyani, ndipo amaipanga ndani? Ambirife tikafunsidwa timangoti ndi za azungu kapena za amwenye, ife yathu n'kudikira pa mzere. Inetu lero ndikukana. Kuno kwathu konkuno kunabadwa gulu la anthu opanga zinthu zimenezi, ndipo mbiri yawo ikufanana ndi ya geni iliyonse imene mukuidziwa. Muli kaunjika, muli kuyamba ndi mpamba wochepa, muli kutchuka, mulinso tsoka limene limagwera munthu wodalira kasitomala mmodzi. Dzina lawo ndi Baobab, m'Chichewa titi mlambe.

Poyamba tigwirizane chimodzi. Kompyuta payokha ndi chitsulo chabe, ili ngati benchi yopanda katundu. Chimene chimaigwiritsa ntchito ndi malamulo amene munthu anakhala pansi n'kulemba: ukafunsidwa chakuti uyankhe chakuti, ukapatsidwa nambala iyi uichulukitse ndi iyo. Malamulo amenewa ndiwo amatchedwa pulogalamu, achinyamata amati sofutiweya. Mukamatumiza ndalama pafoni, kafunso kaja kakuti mulowetse nambala yanu ya chinsinsi sikanadzilembe kokha ayi. Alipo munthu amene anaganiza kuti kabwere pamenepo, m'chinenero chakuti, pambuyo pa funso lakuti. Ndipo wolembayo akakhala kuti sakukudziwani, pulogalamu yake imakulumani ngati nsapato ya eni ake.

Nkhani ya Baobab imayambira pa geni ya anthu ena imene inagwa ku America. Mu 1999, kampani ya Netpliance ya mumzinda wa Austin ku Texas inatulutsa kamakina kotchedwa i-Opener. Kanali kagalasi kakang'ono ngati ka TV, kopangidwira anthu amene amaopa kompyuta koma akufuna kulowa pa intaneti. Anakagulitsa pa madola 99, mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi ndalama zimene iwo amaononga pokapanga. Nzeru yawo inali yakuti aluze pa makinawo koma adzabweze pa ndalama ya mwezi ndi mwezi imene wogula azilipira kuti alumikizidwe pa intaneti. Zinali ngati kugulitsa mbaula pa mtengo wotaya poganiza kuti makala munthuyo azigula kwa iwe mpaka kalekale.

Komatu ogula sagona tulo. Mu 2000, katswiri wina dzina lake Ken Segler anatsegula kamakinako n'kupeza kuti ukangosintha pang'ono mkatimo, kamasanduka kompyuta yeniyeni. Nkhani inawanda, anthu anakhamukira kukagula, ndipo za ndalama ya pamwezi ija ambiri sanafune n'kuzimva komwe. Mbaula zinapita, makala osagulidwa. Pofika mu 2001 kampaniyo inali itasiya geni imeneyi, ndipo timakinato tinayamba kupezeka motsika mtengo pa msika wa pa intaneti wotchedwa eBay. Tinali titasanduka kaunjika, anzathu a ku Chipata amati salaula.

Tsono tibwere kuno kwathu m'zaka zomwezo. Chipatala chachikulu cha ku Lilongwe masiku amenewo chimatchedwa Lilongwe Central, poti boma la UDF linali litachotsapo dzina la Kamuzu, limene linadzabwereranso mu 2004. Amene munapitako nthawi imeneyo mukukumbukira mmene kulembetsa kunaliri. Kalaliki mmodzi, cholembera chimodzi, chibuku chachikulu, ndiye mzere wa amayi obereka ana odwala mpaka panja. Munthu akabwera lero, n'kudzabweranso mwezi wa mawa, amalembedwa ngati anthu awiri. Nanga kalaliki akanadziwa bwanji? A Banda ndi a Phiri m'chigawo chapakati muno ndi ochuluka ngati mchenga. Chitupa cha unzika kunalibe. Ukafunsa gogo tsiku lobadwa amakuuza kuti anabadwa chaka cha dzombe, ukafunsa adiresi amakuuza kuti kuseri kwa chigayo. Dokotala akafuna kudziwa kuti mwana uyu anapatsidwa mankhwala anji ulendo watha, amadalira kapepala kamene mwina kananyowa ndi mvula kapena kanakulungidwa mandasi.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo wa m'nkhani ino ndi a Gerry Douglas, katswiri wa makompyuta amene anabwera kuno chapakati pa zaka za m'ma 1990 kudzagwira ntchito yongodzipereka ku Unduna wa Zaumoyo. Ataona mmene zinthu zimayendera, anapita kukaonjezera maphunziro ku University of Pittsburgh ku America, ndipo mu 2000, pamodzi ndi akazi awo a Dr Thuy Bui, anayambitsa bungwe la Baobab Health Partnership. Ndalama zogulira makompyuta atsopano analibe. Anatembenukira ku kaunjika uja. Anagula ma i-Opener otayidwa, n'kuwaika galasi lomva chala, lija ukaligusa limayankha. Mu 2001 timakinato tinayamba kulembetsa odwala ku Central. Kumbukirani kuti apa n'kuti foni zogusa pagalasi zimene muli nazo m'matumbazi zisanabwere. iPhone yoyamba inatuluka mu 2007.

Ena adzati, "Aaa, iwe mtolankhani, ndiye nzeru zake ndi za mzungu yemweyo." Dikirani kaye, ndifikako. Koma poyamba taonani chimene anthu amenewa anachita mosiyana ndi anzawo amene amatibweretsera makina a mamiliyoni n'kukhala akuchita dzimbiri m'maofesi.

Anayamba ndi kufunsa kuti adzagwiritse ntchito chinthuchi ndani. Yankho linali lakuti ndi kalaliki kapena namwino amene sanagwirepo kompyuta chibadwire, ali ndi mzere wa anthu kutsogolo kwake, ndipo alibe nthawi yopita ku kosi ya miyezi itatu. Choncho mabatani olembera aja anawachotsa, kambewa kaja anakachotsanso. Pagalasi pamabwera funso limodzi basi, ndi mabatani akuluakulu oti chala chisaphonye. Ukayankha, pamabwera lina. Dzina ndani? Wamwamuna kapena wamkazi? Boma liti? Mfumu yaikulu ndani? Mudzi uti? Mayina a maboma ndi a mafumu amakhala ali kale mkatimo, iwe n'kungosankha. Munthu akati chaka chobadwa sakuchidziwa, makinawo sakakamira ayi, amalola kuti mungoyerekeza zaka zake n'kupitirira. Pomaliza kamakina kena kamatulutsa kapepala komata kokhala ndi timizeremizere ngati tija ta pa paketi ya shuga m'shopu, n'kukamata pa kabuku ka kuchipatala. Ulendo wina munthuyo akabwera, amangowalitsa timizere tija, dzina lake n'kutulukira pompo.

Mayi anga amasungabe kabuku kanga ka ndili mwana m'chikwama chimene amasungamo makadi a ubatizo. Kanathethekatetheka, koma kapepala ka timizere kaja kakadali pachikuto. Ine ndi Baobab tinabadwa zaka zoyandikana, ndiye nambala yanga yoyamba pa dziko lino sinachokere ku ofesi ya boma yolembetsa nzika, inachokera m'kamakina ka kaunjika. Zitupa za unzika zinadzabwera mu 2017, patatha zaka 16.

Chachiwiri, anafunsa za magetsi. Magetsi athu nonse mumawadziwa khalidwe lake, inu ogulitsa mafirizesi ndiye osachita kukuuzani. Kompyuta wamba magetsi akangothima imazima, ntchito yonse n'kuima. A Baobab anasankha timakina tosadya magetsi ambiri, n'kutilumikiza ku mabatire akuluakulu amene amadzaza magetsi akakhalapo. Anakonzanso kuti chingwe chimodzi chomwecho chizinyamula uthenga ndi mphamvu ya magetsi yomwe. Kunja kukada, mkati ntchito imapitirira. Timakinato tinalinso ndi ubwino wina umene wa geni aliyense angaumvetse: kunja kwa chipatala tinalibe ntchito, ndiye wakuba analibe nato msika.

Mayeso enieni anabwera ndi Edzi. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala, ndi thandizo la Global Fund. Mankhwala amenewa si a malungo oti wamwa masiku atatu wathana nawo. Ndi a moyo wonse, ndipo munthu akamadumphitsa, kachirombo kamazolowera mankhwalawo n'kusiya kuwamva. Choncho chipatala chimayenera kudziwa kuti uyu anatenga liti, atsala ndi angati, abwera liti, sikelo yake ikukwera kapena ikutsika. Miyezi itatu iliyonse chimayeneranso kutumiza lipoti ku unduna kuti mankhwala aodedwe okwanira. Pa kiliniki ya anthu mazana awiri, makadi a pepala amakwanira. Pa kiliniki ya anthu masauzande, anamwino amatha masiku akuwerenga makadi m'malo moona odwala. Inu amene munasungapo buku la ngongole la makasitomala 20, tayerekezani kuti afika 5,000.

Mu 2006 a Baobab anaika pulogalamu yawo ya ma ARV ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kuchokera apo inafalikira m'zipatala zina mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Namwino amagusa pagalasi wodwala ali pomwepo, makinawo n'kumukumbutsa mafunso oyenera kufunsa, kuwerengera mapiritsi, ndi kutchula tsiku lobweranso. Lipoti lija limatenga masiku linayamba kutuluka lokha.

Tsopano ndifike pa funso la mzungu lija. Zoona, kalumo anabwera nako ndi mlendo. Koma amene anameta nako kwa zaka zonsezi ndi ana a kuno konkuno. Mapulogalamuwa amalembedwa ku Lilongwe ndi anyamata ndi atsikana ochokera m'makoleji athu omwewa, amene amati akalemba m'mawa, masana n'kupita kukaima pambali pa namwino kuona ngati zikugwira. Chikavuta samaimba foni ku London kapena ku India, amakwera galimoto n'kukakonza. M'kupita kwa nthawi bungwelo linasanduka la kuno kwathu, lotchedwa Baobab Health Trust, lotsogoleredwa ndi Amalawi. Mmodzi mwa akatswiri ake, a Soyapi Mumba, mu 2017 anaima pa msonkhano waukulu wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania kufotokozera dziko lonse mmene ntchitoyi inayendera. Mapulogalamu awo sanawatsekere m'kabati ayi, anawasiya poyera pa intaneti kuti aliyense wodziwa ntchito awaone ndi kuwakonza. Ndipo anthu ambiri amene anaphunzira ntchito kumeneko anabalalika n'kukathandiza m'mabungwe ndi m'makampani ena.

Mpaka apa nkhani ikukoma. Koma ndinakuuzani kuti muli tsoka la kasitomala mmodzi.

Baobab sinali kampani yogulitsa katundu pa kauntala. Wodwala samalipira, chipatala sichimalipira. Ndalama zambiri zolipirira akatswiri, kugula zipangizo ndi kuthira mafuta m'galimoto zimachokera ku boma la America, kudzera ku bungwe lawo la CDC pansi pa ndondomeko ya Edzi yotchedwa PEPFAR. Inu a mumsika mukudziwa mmene zimakhalira ukapeza oda ya sukulu yogonera komweko. Mwezi ndi mwezi matumba a nyemba akupita, ndalama ikubwera yambiri nthawi imodzi, mpaka umayamba kuwaona ngati akukutayitsa nthawi amayi aja amagula ka mbale kamodzi. Ndiye tsiku lina sukulu ija yapereka oda kwa wina. Nyemba zako n'zabwinobwino, sikelo yako ndi yoona, koma benchi yaima.

Mu 2019, ntchito yosamalira mapulogalamu a ma ARV m'zipatala, imene imayendera ndalama za CDC, inapita m'manja mwa bungwe lina la ku America, la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation. Makina ogusa pagalasi sanachoke m'zipatala, ntchito inapitirira, ndipo Amalawi ndi amene anapitiriza kuigwira. Koma mwini chikwama ndiye anasankha kuti chikwamacho anyamule ndani. Kenaka mu Januwale 2025, pulezidenti wa America a Donald Trump atalamula kuti thandizo lopita kunja liime kaye, ntchito zambiri za Edzi kuno kwathu zinagwedezeka, ndipo aliyense anaona ndi maso kuti chinthu chosunga mbiri ya odwala athu chimapuma ndi mapapo a eni. Paja amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Apa nkhwangwa tinasula tokha, koma mpini unali wobwereka.

Funso langa kwa akuluakulu a ku Capital Hill ndi ili: zaka zoposa 20 chiyambireni ntchito imeneyi, inalephera bwanji kupeza mzere wake wokwanira mu bajeti ya dziko? Ndalama zogulira magalimoto a mabwana sizisowa. Ndipo tisaiwale kuti mu 2013 mabiliyoni a Cashgate anatulukira pa pulogalamu ya boma yoyendetsera ndalama yotchedwa IFMIS, imene inagulidwa kunja. Zogula kunja timazipezera ndalama, zopanga ana athu timazisiyira alendo kuti azidyetse.

Mwina mukufunsa kuti nanga zonsezi zikukhudza bwanji munthu wopikula sopo ndi zitenje ku Chipata. Tiyeni tsopano tipite pa boda.

Pa boda ya Mchinji zinthu zinasintha, ndipo pabwino tiziyamika. Mu Disembala 2022, pulezidenti wa nthawi imeneyo a Lazarus Chakwera ndi mnzawo wa ku Zambia a Hakainde Hichilema anatsegulira boda ya malo amodzi ya Mchinji ndi Mwami, kuti munthu asamaime kawiri, uku kwa Amalawi uko kwa a ku Zambia. Nyumba zake ndi zooneka bwino. Mkati mwa nyumbazo, msonkho wa katundu amawerengera pa pulogalamu yotchedwa ASYCUDA, imene a MRA kuno ndi a ZRA ku Zambia onse amagwiritsa ntchito. Pulogalamu imeneyi inapangidwa ndi UNCTAD, nthambi ya United Nations ya ku Geneva, kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, maiko a kuzambwe kwa Africa atapempha thandizo lowerengera malonda awo. Lero ikugwira ntchito m'maiko pafupifupi 100.

Sindikuinyoza ayi. Pa thiraki yonyamula feteleza kapena simenti, ASYCUDA ndi katswiri. Koma tafunsani funso lija a Baobab anayamba nalo: anapangira ndani? Anapangira ofesala wa kasitomu ndi ejenti wokiliya katundu, anthu odziwa Chingerezi cha malamulo ndi manambala aja amapatsidwa mtundu uliwonse wa katundu. Mayi wa makatoni asanu a sopo mulibemo m'maganizo a wolemba pulogalamuyo. Iye amaima kuseri kwa kauntala, galasi lafulatira, n'kudikira kuti auzidwe nambala. Sadziwa kuti nambalayo yachokera pati. Ndiye pomwe pali mdima wotere madobadoba ndi pomwe amadyera. Amakupeza usanafike n'komwe pa geti, n'kukuopseza kuti mkatimo akakudula khosi, bola upereke kangachepe akudutsitse njira za zalewa. Ukatsatira, katundu akagwidwa kumeneko mpamba wonse wapita, ndipo kwa amayi njira zam'tchire zimenezo zili ndi zoopsa zina zimene nonse mukuzidziwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti lamulo lokomera wa geni yaing'ono lilipo kale. Kuyambira mu 2010, pa boda imeneyi pamagwira ntchito ndondomeko ya COMESA yotchedwa STR. Mwachidule ikuti: ngati katundu wanu anapangidwa kapena kulimidwa ku Zambia kapena kuno, ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana, ndipo mtengo wake sukupitirira malire amene anaikidwa, simulipira msonkho wolowetsera katundu, ndipo mumadzaza fomu yachidule popanda kulemba ejenti. Malirewo pachiyambi anali madola 500 ndipo akhala akukwezedwa. Koma mumvetse bwino pawiri. Poyamba, misonkho ina monga VAT imatha kukhalapobe malingana ndi katunduyo. Kachiwiri, katundu wa ku China amene mwamugula mu shopu ya ku Chipata salowa m'gulu limeneli, chifukwa kugulidwa ku Zambia si kupangidwa ku Zambia. Pa boda pamakhala desiki yothandiza a geni zing'onozing'ono pa nkhani zimenezi. Safunsa anadya phula: musanamvere mnyamata wa pa geti, kafunseni pa desikipo mndandanda wa katundu ndi malire a chaka chino, ndipo chilichonse mwalipira mutengepo lisiti.

Tsono taganizani pa desiki pomwepo pataikidwa kagalasi kogusa konga ka ku chipatala kaja. Funso limodzi, mabatani akuluakulu, m'Chichewa chimene mbali zonse ziwiri za boda timamvana. Mwanyamula chiyani? Pali chithunzi cha sopo, cha mpunga, cha nsomba, cha zakumwa. Makatoni angati? Munagula pa ndalama zingati, za Zambia kapena za Malawi? Pomaliza galasi likuuzani inuyo mwini, maso ndi maso, kuti katundu uyu ali pa mndandanda kapena ayi, ndipo mulipira zakuti. Kapepala ka timizere katuluka, mwapita nako pa kauntala. Kapenanso mafunso omwewo abwere pa foni ya mabatani ngati mmene timatumizira ndalama, kuti munthu adziwe msonkho wake ali mu shopu ku Chipata, asanatulutse ndalama m'chitenje. Wa geni akadziwiratu msonkho amadziwiratu phindu, ndipo dobadoba amasowa pogwira.

Ndikudziwa kuti kasitomu si chipatala. Malamulo a msonkho amasintha chaka ndi chaka, ndalama za Zambia ndi zathu zimasinthana mphamvu sabata ndi sabata, ndipo alipo amalonda akuluakulu amene amagawa thiraki yonse m'timitolo kuti aoneke ngati a geni yaing'ono. Zonsezi wolemba pulogalamu ayenera kuziganizira. Koma kodi n'zovuta kuposa kusunga mbiri ya mankhwala a munthu kwa zaka 15, pa chipatala cha magetsi othimathima, munthu wake wosadziwa chaka chimene anabadwa? Zimenezo ana a kuno anazitha, ndi makina otola ku kaunjika. Ndipo lero zinthu zapepuka. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo palibe mayi wa mumsika amene anapita ku kosi kuti aphunzire kutumiza ndalama.

Kaya chinthu chotere chidzachokera ku MRA, kaya ku COMESA, kaya kwa ana a ku MUBAS kapena ku MUST, inu eni ake mudzachiyese ndi miyeso ya Baobab. Kodi wopangayo anabwera kudzaima nanu pa mzere, kapena anangolembera ku hotela ya ku nyanja? Kodi chikulankhula chinenero chanu? Kodi magetsi ndi netiweki zikachoka chimapitirira? Ndipo funso lalikulu, lija Baobab inapunthwa nalo: pulojekiti ikatha, alendo akakwera ndege, adzalipire wokonza ndani?

Pa funso lomalizali ndikuloza chala kwa inu nomwe. Muli ndi bungwe la amalonda odutsa m'malire, muli ndi makomiti a m'misika, muli ndi mabanki mkhonde amene amazungulitsa ndalama zoti ena a m'maofesi sangakhulupirire. Tsiku ndi tsiku mumadula chiphaso cha msika osaphonya. Anthu otere sangalephere kusonkha kangachepe pamwezi kuti mnyamata kapena mtsikana mmodzi wodziwa ntchitoyi akhale wawo, woyankha kwa iwo. Makasitomala chikwi a ka mbale kamodzikamodzi sachoka tsiku limodzi ngati oda ya sukulu ija. Ndipo chinthu chimene mwalipira nokha mumakhala ndi pakamwa pochidzudzulira chikapanda kugwira.

Choncho a komiti, msonkhano ukubwerawu nkhani isangokhala ya zimbudzi za mumsika ndi alonda okha. Ikanipo iyi. Lembani katundu 20 amene anthu anu amanyamula kawirikawiri pa Mchinji, mupite nawo pa desiki ya pa boda, akuuzeni wina ndi wina ngati ali pa mndandanda ndi misonkho imene imatsala. Mukabwerako mulembe pa chikatoni m'Chichewa n'kuchikhoma pa geti la msika. Imeneyo ndiye pulogalamu yanu yoyamba, ndipo siifuna magetsi. Mwana wa ku koleji akadzabwera kudzafunsa kuti aike chiyani m'foni, mudzangomulozera chikatonicho.

Amene muli ndi madandaulo kapena nzeru zina pa za pa boda, lemberani kudzera kwa mkonzi, tidzaziika pano. Geni iyende bwino, ndipo tionane sabata ya mawa Mulungu akalola.